Choziziritsa cha Amalume

Lachiwiri, 7 Okutobala

Mayi a ana anga,

Ndiyambe ndi kuulula kuti usiku wapitawu tulo sindinatione. Sikuti ndikudwala ayi. Mulungu akundisunga, kupatula msana uja mukuudziwa kale. Chimene chinandikhazika maso ndi fungo. Ndinasamba m'manja ndi sopo wochapira zovala, koma zala zimanunkhabe mafuta opserera, ndipo ndikati nditseke maso ndimangoona singano yoonetsa kutentha kwa giyabokosi ya galimoto yanga ikukwera.

Koma ndisathamange. Muli bwanji inu? Chifuwa cha chisamba wathu chinatha? Nanga kamzime, kamene ndimangokadziwira pa chithunzi, kayamba kuimirira? Amayi muwapatse moni. Amalume anu ali bwino ndithu, ngakhale sakudziwa kuti ndikulemba.

Mudabwa kuti bwanji kalata pomwe foni ilipo. Chipinda chimene amalume anandipatsa chinangogawidwa ndi matabwa. Ndikayetsemula kuno, iwo amati pepani ali uko. Ndiye nkhani zina ndizipatsira kondakitala wa basi amene amakubweretserani katundu uja.

Nkhani yabwino ndi iyi. Pali kampani yogulitsa magalimoto akale imene ikufuna munthu woti aziwakokera magalimoto kuchokera kumalo awo osungira, kunsi kwa phiri, kupita kushopu yawo ya kumtunda. Mayi woyang'anira zonyamula, wovala magalasi aakulu, wati adzandiyesa kumayambiriro kwa Novembala, ndipo adzakwera yekha m'galimoto yanga. Ndikapambana andilembera kalata ya ntchito. Ndi kalata imeneyo ndipeza chiphaso chondilola kutuluka m'dziko lino n'kubwereranso. Mukumva tanthauzo lake: chaka chisanathe ndikhoza kubwera kudzamunyamula mwana wanga m'manja.

Nkhani yoipa ndi phiri lomwelo. Dzulo ndimakoka minibasi pa msewu umenewo masana, dzuwa lili paliwombo. Pakati pa chitunda galimoto inayamba kuzengereza posintha magiya, ngati munthu woti wafunsidwa funso lovuta. Kenako fungo lija. Ndinaima pambali mpaka inazizira, n'kutsika pang'onopang'ono kupita kwa makaniko wanga, amene timamutcha Chipewa chifukwa palibe anaonapo mutu wake.

Anasolola kachitsulo koyezera mafuta a giyabokosi, n'kununkhiza, n'kundiika pamphuno.

"Mafuta awa akakhala amoyo amafiira ngati juwisi wa ana," anatero. "Awa ndi tiyi wa dzulo. Mukuphika giyabokosi, abusa."

Amanditcha abusa chifukwa ndimapemphera ndisanalize injini. Anandifotokozera kuti poti galimoto yangayi ndi ya otomatiki, mafuta a giyabokosi amaziziritsidwa ndi kapaipi kodutsa mu rediyeta. Kameneko, akuti, n'kokwanira munthu wopita kumsika ndi mkazi wake, osati wokoka minibasi paphiri m'nyengo ino. Pafunika choziziritsa china chapadera, chomangidwa kutsogolo kwenikweni kumene mphepo imamenya, kuti mafuta akatuluka mu rediyeta azidutsamo asanabwerere. Wandithirira mafuta atsopano, ndipo akuti giyabokosi sinafe, inangokomoka. Koma ikakomokanso sidzadzuka.

Ndalama zimene ndatumiza zachepa, mundikhululukire. Malata a khitchini ayambe adikira. Nsapato za chisamba zokha mugule, asamapite kusukulu zala zili panja. Za kuyesedwa kwangaku musawauze kaye amayi, mukudziwa kuti akamva iwo amva onse.

Muzindipempherera.

Ine bambo wa ana anu.


Lolemba, 13 Okutobala

Mayi a ana,

Moni kwa inu ndi ana. Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Ine thupi lili bwino, mtima ndi umene uli pamoto.

Ndinakuuzani kuti musauze amayi, koma amene analephera kusunga pakamwa ndine. Lachinayi pa mapemphero a m'nyumba, atafunsa amene ali ndi chomuvuta, ndinaimirira n'kupempherera giyabokosi, choziziritsa, phiri, zonse. Amalume anali pampando wawo wa pakhomo uja, maso ali chitsekere.

Dzulo mapemphero atatha kutchalitchi anapempha kuti anthu asatuluke. Abambo awiri analowa atanyamula chinthu m'thumba. Mukukumbukira lole imene ndinakuuzani, imene ili pa njerwa kuseri kwa nyumba, nkhuku zimaikira pansi pake? Amalume anakhala Loweruka lonse akumasula choziziritsa chake okha, ndi manja okalamba aja. Ndinamva kugogoda koma ndimayesa akukonza khola.

Anayankhula mpingo wonse ukumva. "Mkamwini wanga uyu ndinamulandira ali ndi kachikwama kamodzi. Lero ali ndi galimoto yake. Ine yanga inagona, koma sinafe yonse. Chinthu ichi chinakwera nane phiri lija zaka zambiri. Za masiku ano ndi malata a chitini. Tenga, mwana wanga, usataye ndalama za ana."

Ndinagwada n'kulandira ndi manja awiri. Anthu anaomba m'manja, abusa enieni anachisanjika manja. Ndinalira, mayi a ana, ndipo misozi imeneyo inali yoona. Munthu amene tsopano amalondera sitolo za anthu, alibe china chilichonse cha mtengo, ndipo anandipatsa ine.

Lero m'mawa ndinapita nacho kwa Chipewa ndikunyadira. N'chachikulu, cholemera, chotalika ngati mkono wanga wonse. Iye anachigoneka pansi. Anathira parafini ku bowo lina, n'kuchigwedeza, n'kutsanulira pa kansalu koyera. Anapita nako padzuwa, n'kundikodola. Nsalu yonse imanyezimira ngati mchenga wa kumtsinje.

"Lole ya amalume anuyo inafa ndi chiyani?"

"Giyabokosi."

"Ndiye awa ndi mano ake. Inadzitafuna yokha, zinyenyeswa zonse n'kudzagona muno. Mukamanga ichi, mwatapa matenda a maliro n'kumwetsa wamoyo."

"Sitingachitsuke?"

"Tinjira ta m'katimu n'topyapyala ngati udzu. Mutsuka lero chioneka choyera. Mawa mafuta akatentha, tizitsulo tina timasuka, ulendo wa kugiyabokosi yanu. Perekani kwa ogula zitsulo, abusa, mudyeko buledi."

Ndinamuuza kuti ndi mphatso, ndipo inapemphereredwa. Anati iye sakutsutsa pemphero, akutsutsa zinyenyeswa.

Ndachibweza kunyumba, chili pansi pa bedi. Amalume atandifunsa ndinati Chipewa watanganidwa. Limenelo ndi bodza loyamba, ndipo ndalinena kwa mkulu wa mpingo, m'nyumba mwake. Inu mumawadziwa kuposa ine, ndi amene anakulipirirani sukulu. Munthu wotere amauzidwa bwanji?

M'thumba la kondakitala muli sopo ndi kadiresi ka kamzime. Ngati kachepa musandiuze, mungopatsa mwana wa achemwali anu.

Ine wanu.


Lachitatu, 22 Okutobala

Mkazi wanga,

Kalata yanu ndalandira, zikomo. Ndakondwa kumva kuti chifuwa chinatha ndiponso kuti kamzime kakugwira mipando n'kumaima. Ine ndili bwino. Zala zasupuka ndi parafini koma si kanthu.

Ndawerenga mawu anu kangapo. Mukuti amayi anamva kale za mphatso, anaimba foni kuthokoza mlongo wawo, ndipo anakanena kwa amayi anzawo a kwaya. Mukuti ndisawachititse manyazi amalume, chitsulo ndi chitsulo, ndichitsuke bwino basi. Sindikukwiya. Koma musaganize kuti sindinayese. Ndatsuka ndi parafini, ndatsuka ndi petulo, ndapopa ndi pampu ya njinga mpaka mkono kufa. Ndinachotsa maginito mu wailesi yakufa n'kuviika m'zimene zatulukazo. Nthawi iliyonse amatuluka atamera ndevu.

M'mawa uliwonse amalume akamabwera kuntchito amandipeza ndikupukuta galasi. "Wamanga, mkamwini?" Ine: "Mawa, amalume." Mawa ameneyo wandikalambitsa. Ndikagwada kuti ndipemphere, bodza lija limanditsekereza.

Ndiulule china. Loweruka ndinapita kusitolo ya zipangizo za magalimoto, Chipewa anandiperekeza. Wogulitsa anafunsa kulemera kwa galimoto yanga pamodzi ndi chimene ndimakoka, osati galimoto yokha. Anafunsanso kukula kwa malo a kutsogolo kwa rediyeta. Ndinali nditayeza ndi chingwe cha nsapato n'kumanga mfundo, ndiye ndinangochiyala pa kauntala, iye n'kuseka.

Anatulutsa mitundu itatu. China ndi paipi yokhotakhota yokhala ndi timapepe, ngati kumbuyo kwa firiji. Chimenecho n'chotsika mtengo, ndipo mtima wanga unathamangira pomwepo. Chipewa anati n'chabwino kwa munthu wokoka ngolo ya zinyalala kamodzi pa mwezi. China ndi timbale tosanjikizana, chaching'ono pooneka koma mafuta amamwazika m'timbalemo n'kuzizira msanga, ndipo mwala ukachimenya sichiboka wamba. Chachitatu chili ndi fani yakeyake, mtengo wake sindinafune n'kuumva komwe.

Wogulitsa amafuna kundikankhira chachikulu kwambiri cha timbale. Chipewa anakana. Akuti chikatseka kumaso konse, rediyeta ipuma ndi chiyani? Mupulumutsa giyabokosi n'kupha injini. Tinasankha chapakati, chimene pa bokosi analemba kulemera koposa kumene ndimakoka, kuti pakhale mpata wa dzuwa ndi phiri. Tinagulanso mapaipi opirira mafuta otentha, chifukwa akuti a petulo amafewa n'kuphulika.

Ndagula, mayi a ana. Mtengo wake ukufanana ndi fizi ya teremu ya chisamba, ndiye mwezi uno mupite kwa ahedi mukawapemphe kuti atidikire mpaka kumapeto kwa Novembala. Mupite nokha, musatume mwana.

Chatsopanocho ndachibisa kwa Chipewa. Chakale chili pansi pa bedi. Ine ndili pakati. Tsiku loyesedwa alinena: Lachinayi pa 6 Novembala.

Moni kwa amayi. Za kusitoloko zikhale za ine ndi inu.

Mwamuna wanu.


Lamulungu, 2 Novembala

Mayi a ana anga,

Moni m'dzina la Ambuye. Ndikhulupirira muli bwino nonse. Pepani ndakhala chete, ndimafuna ndilembe zinthu zitatha. Zikomo popita kwa ahedi. Zimene anakuyankhulani pamaso pa makolo ena zija, ndidzawayankha ndine ndikabwera.

Ndapeza njira, ndipo amalume sachita manyazi. Ndamanga zonse ziwiri.

Chatsopano chili m'kati, pafupi ndi rediyeta, ndipo ndi chimene mafuta akudutsamo. Cha amalume ndachimanga kutsogolo kwake, poonekera, munthu akasuzumira pa mphuno ya galimoto amaona chimenecho. Ndachipaka utoto wakuda, ndaikako mapaipi awiri olowera pansi pa injini. Kumeneko sakupita kulikonse. Ndinawatseka ndi mabawuti n'kuwamangirira ndi waya.

Chipewa anamanga chatsopano chokha. Nditamuuza za chinacho anakhala pansi pa tayala n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Zaka zonsezi ndamanga zoziziritsa mafuta. Choziziritsa apongozi ndiye sindinamangepo."

"Si apongozi, ndi amalume a mkazi wanga."

"Ndiye zoopsa kuposa. Koma abusa, mwaiwala za kusitolo zija? Mwachiveka chigoba kumaso. Mphepo idutsa pati?"

Ndinati ndasiya mpata wa zala ziwiri pakati. Anati zala ziwiri ndi za kuyeza madzi a mpunga. Anandibwereka sipanala koma anakana kugwirako, akuti dzina lake lisamveke. Ndayenda nayo m'tauni masiku angapo, ndakoka galimoto zing'onozing'ono pamalo athyathyathya, singano sinasunthe. Ndikuganiza kuti Chipewa amakonda kuopseza.

Lachisanu nditafika, amalume anali pakhonde. Ananyamuka osatenga ndodo, n'kudzagwada kutsogolo kwa galimoto injini ikadali yotentha. Analowetsa dzanja n'kugwira chinthu chawo. Mtima wanga unaima, chifukwa choziziritsa chogwira ntchito chimayenera kuotcha.

"Mkamwini, wayenda tsiku lonse?"

"Lonse, amalume."

"Tagwira apa. Zii, ngati mtsuko. Ndinakuuza ine. Za kale zinali zinthu."

Anaitana aneba kuti adzagwire. Anaitana ngakhale mayi wogulitsa makala. Lero kutchalitchi apereka umboni, ndipo titatuluka abambo anachita mzere kukasuzumira. Sindinawaonepo amalume akuyenda mowongoka chonchi chifikireni kuno. Madzulo ano andipatsa ntchafu ya nkhuku, imene amadya okha nthawi zonse. Ndinaidya, koma sinandikomere.

Ndikudzifunsa ngati ili ndi tchimo. Sindinabe, sindinapweteke munthu, nkhalamba yasangalala, inu simuchita manyazi. Nanga bwanji lero mgonero utafika pa ine ndinaupatsira mnzanga osatenga? Mundiuze maganizo anu, koma mofatsa.

Lachinayi muwadzutse ana m'mawa mupemphere nawo. Musawauze zambiri, mungoti adadi akukwera phiri.

Wanu nthawi zonse.


Loweruka, 8 Novembala

Mayi a ana,

Moni. Ndili moyo, galimoto ili moyo. Kalata ya ntchito sindinapatsidwe. Sindinakanidwenso. Ndifotokoze.

Anandipatsa galimoto yaikulu ya banja kuti ndikoke. Mayi wa magalasi anakhala pambali panga, chikwama pamiyendo. Kunsi zonse zinali bwino. Titayamba chitunda singano inanyamuka. Ndinazimitsa wailesi, ndinatsegula mawindo, ndinapemphera chamumtima. Pa khona lachiwiri inali itayandikira pofiira, ndipo ya madzi a injini nayonso inayamba kuitsatira. Ndinakumbukira mawu akuti ikakomokanso sidzadzuka. Ndinaima.

"Tafika?" anatero mayiyo.

Ndinatsika ndi sipanala, n'kugona pa phula lotentha, malole akudutsa pafupi ndi miyendo yanga. Ndinamasula cha amalume n'kuchiponya kumbuyo. Mayi uja anali atatsika, akundiyang'ana.

"Mwachotsa chiyani?"

"Choziziritsa, mayi."

"Galimoto yatentha, inu mukuchotsa choziziritsa?"

"Ichi sichigwira ntchito. Ndi mphatso."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, n'kubwerera m'galimoto. Titanyamuka singano inatsika, n'kukhala pakati mpaka pamwamba pa phiri, osagwedezeka ngakhale pamene chitunda chakula kwambiri. Chimene tinasankha chija n'chabwino, mayi a ana. Chimangofuna mphepo.

Tinafika mochedwa, wogula galimotoyo atatopa kudikira. Mayiyo anati kampani silipira munthu womasula mabawuti m'mbali mwa msewu. Kenako anati waona yekha mmene yakwerera kumapetoko, ndiye andiyesanso Lolemba pa 17, ndi kalole kakang'ono, kolemera kuposa ya Lachinayi. Ndikadzaima ngakhale kamodzi, atenga munthu wina, ndipo alipo kale amene akudikira.

Tsopano chimene chikundichititsa manyazi kulemba. Pobwerera, nditatsala pang'ono kufika kunyumba, ndinakhotera kuseri kwa malo omwetsera mafuta n'kuchimanganso. Amalume anali pakhonde akundidikira. Anagwira, anati zii, anandifunsa za ulendo. Ndinati mayiyo akufuna kuonanso kachiwiri, ndi mmene amachitira.

Kuyambira tsiku limenelo ndi ntchito yanga. M'mawa ndimatuluka nacho, ndikafika kuseri kuja ndimamasula. Madzulo ndimamanga. Mfundo za zala zonse zanyuka. Chipewa nditamuuza sanaseke n'komwe, ndipo zimenezo zinandiwawa kuposa kuseka.

Sindinatumize kanthu ulendo uno. Sabata yamawa.

Ine.


Lachiwiri, 11 Novembala

Mkazi wanga wokondedwa,

Moni kwa inu, kwa ana ndi kwa amayi. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani. Za thupi langa musadandaule, ndikudya, ngakhale pang'ono. Kalatayi ndikulembera pa chiwongolero, basi inyamuka mawa m'mawa, ndiye mukhululuke zilembo.

Dzulo ndinapeza amalume akusita jekete yawo ya ukwati ija. Ndinafunsa ngati kuli maliro kapena msonkhano.

"Ndi za Lolemba," anatero. "Ndapempha tchuthi kuntchito. Ndikwera nawe."

Ndinati mayi wa kampani amakhala nawo m'galimoto.

"Mpando wako ndi wa anthu atatu, ndinauyeza. Ine ndine woonda." Kenako anaika simbi pansi. "Mkamwini, phiri lija sindinalikwerenso chigonereni lole yanga. Maso akutha awa. Ndikufuna ndikachimve chinthu changa chikukwera komaliza, ndili pompo. Ndikakhala chete, sindikusokoneza."

Ndinayankha kuti chabwino. Ndikanati chiyani?

Ndiye onani pamene ndafika. Akakwera, zokamasula chinthu chawo kuseri kwa malo omwetsera mafuta palibe. Ndikachisiya pomwepo, ndi kalole kumbuyo, sitifika n'pakati pomwe, ndipo ndidzataya giyabokosi, ntchito ndi chiphaso tsiku limodzi, amalume atakhala pambali panga. Ndikachimasula iwo akuona, pamaso pa mayi wachilendo, ndawavula jeketeyo pamsewu.

Palinso china. Dikoni wina wa kutchalitchi kwathu, woyendetsa takisi, anandipeza kuseri kuja m'mawa uno ndili chigonere pansi pa galimoto, chinthucho chili pambali. Anatsitsa galasi n'kunena kuti, "Abale, mphatso imagona panja masana?" Anaseka n'kupita. Munthu ameneyo nkhani imamuyabwa. Lamulungu likafika ndisanayankhule, amalume adzamvera pabwalo la tchalitchi.

Chipewa akuti ndiwauze amalume kuti chinabedwa, kapena chinabooka. Akuti bodza langa ndi la mabawuti, lake n'lopepuka, silisupula zala. Ndinaganizira, sindikana. Koma amalume akamva kuti chinabedwa, adzapita kupolisi ndi jekete yomweyo. Akamva kuti chabooka, adzachitenga kukawotcherera ndi ndalama zawo za ulonda. Ndipo ine ndatopa, mayi a ana. Ndikufuna kulandiranso mgonero.

Ndatsimikiza mtima. Loweruka madzulo, anthu kulibe, ndiwatengera kuseri kwa nyumba pafupi ndi lole yawo. Nditenga parafini ndi kansalu koyera, aone ndi maso awo. Ndiwauza kuti chimene amagwira chimazizira chifukwa mulibe kanthu, ndipo ndine ndinachita zimenezo, osati Chipewa, osati inu. Ndiwapempha kuti Lolemba akwerebe, mpando wawo ulipo. Kaya adzavomera, kaya adzandiuza kuti nditulutse katundu wanga, sindikudziwa. Akandithamangitsa ndizigona m'galimoto, zimenezo sizikundiopsa.

Chimene chikundiopsa n'chakuti Loweruka lomwelo foni ya amayi idzalira, ndipo mawu onse adzagwera inu, amene muli nawo pafupi. Adzati mwamuna wako wanyoza munthu amene anakuphunzitsa, wamusandutsa choseketsa pa mpingo. Ndipo sadzakhala akunama kwenikweni. Munandipempha chinthu chimodzi, kuti ndisawachititse manyazi, ndipo poyesa kuchisunga ndawakonzera manyazi aakulu. Sindikufuna ndidzafike pakhomo ndi chiphaso m'thumba, inu n'kundilandira ngati mlendo.

Ndiye ndikupempha izi. Basi ifika kwanuko Lachinayi madzulo. Mukawerenga, musadikire kondakitala, munditumizire uthenga pa foni lisanathe Lachisanu. Mundiuze ngati mukufuna kuyamba ndinu kuwaimbira amalume Loweruka masana, kuti mawu oyamba awamve kwa mwana wawo, kapena ndipite ndekha. Mundiuzenso ngati amayi akadzakufunsani mudzati mumadziwa. Mukati simumadziwa, sindidzakutsutsani mpaka kufa.

Kumasula ndimasula ndithu, chifukwa mwana uja ndiyenera kumuona. Sipanala ndili nayo kale m'thumba. Chimene ndilibe ndi mawu anu.

Lachisanu, chonde.

Ine mwamuna wanu.